Dimba la kuseri kwa nyumba, kuchokera Ogasiti kufika chizimalupsa

Mwera ukayamba kufooka, mango atachita maluwa, majuzi tayamba kuwasiya pamsomali, anthu ambiri manja amayabwa. Munthu amagula timapaketi ta mbewu tinayi ulendo umodzi, repu, chayinizi, tomato ndi kabichi, n'kufika kunyumba kugalauza malo onse a kuseri mpaka kukagunda khoma la bafa. Masabata atatu oyamba zimakongola ndithu, odutsa amachita kusuzumira. Koma pofika pakati pa Okutobala, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, mudzapeza mabedi atatu mwa asanu auma gwa, otsalawo ali ndi timasamba tolimba towawa, mwini wake akudandaula kuti anamugulitsa mbewu zachinyengo. Ineyo ndinazichitapo kawiri konse ndisanazindikire kuti mbewu zija zinalibe mlandu. Ndinkalima malo oposa madzi amene ndinali nawo.

China chimene chimatisokoneza ndi malangizo a pa intaneti. Mavidiyo ambiri a ulimi wa pakhomo amene timaonera pa YouTube ndi Facebook amajambulidwa ku England kapena ku America, ndipo amakamba za nyengo yawo ya spring, yoyamba mu Malichi. Kumeneko nthaka imakhala itakhuta mvula ndi chipale cha miyezi yozizira, mlimi amangodikira kuti dothi lifunde. Abale athu a ku Johannesburg nawo amatumiza zithunzi pa 1 Seputembala kuti kwawoko alowa nyengo yomweyo. Ife kalendala yathu ndi ina: dzinja, masika, chisanu, kenako chilimwe. Kufunda sitichita kudikira, kumabwera kokha mpaka kupyola muyeso. Mvula yomaliza yooneka inagwa mu Epulo, ndipo yodzalira idzabwera kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Choncho wodzala mu Ogasiti akulowa m'miyezi itatu kapena inayi imene dontho lililonse lofika pamuzu lidzachokera m'manja mwake, uku dzuwa likuonjeza ukali sabata ndi sabata.

Tiyeni tiwerengere. M'madera okwera pang'ono ngati Lilongwe, Kasungu kapena Mzimba, tsiku lotentha la Okutobala dzuwa ndi mphepo zimachotsa pabedi la masamba madzi okwana mamilimita 5 kapena 6. Milimita imodzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi yamadzi. Ndiye kuti bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali limamwa malita 25 mpaka 30 patsiku, chigubu chimodzi ndi theka cha malita 20 chija. Mabedi asanu otere ndi zigubu 7 kapena 8 tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, ndipo pamwezi ndi malita pafupifupi 4,000. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 miyezi imeneyi, chiwerengerochi chimakwera. Mu Juni ndi Julayi bedi lomwelo limakhuta ndi madzi ongopitirira theka pang'ono, n'chifukwa chake amene anayamba dimba nthawi yachisanu amadabwa kuti keni yomwe ija yasiya kukwanira.

Amene ali m'dambo, chitsime chili pamphuno, kapena ali ndi thiredo pampu, nkhani yake ndi ina. Ndikunena za ife a m'mapuloti a m'tauni ndi a pamtunda kumudzi, otunga pamjigo kapena olipira madzi a pampopi. Madzi ambiri a mu mzinda wa Blantyre amachita kuwapopa ndi magetsi kuchokera mu Shire, pa Walker's Ferry, kukwera nawo mtunda wonse uja. Madzi otero ukawathira pa kabichi amene pamsika ukanamugula motchipa, waluza ngakhale dimba litabiriwira. Ndiye funso loyamba, khasu lisanagwire nthaka, n'lakuti: pakhomo pano tingapatule zigubu zingati patsiku mu Okutobala, tsiku loti mpopi wauma kapena pamjigo pali mzere wautali? Yankho likakhala zigubu zitatu, dimba lanu ndi mabedi awiri. Mabedi awiri othiriridwa bwino amadyetsa banja la anthu asanu masamba pafupifupi tsiku lililonse. Asanu othiriridwa mwamwayi amangotopetsa ana otumidwa kumadzi.

Kapangidwe ka bedi kamasintha chiwerengero chija. Ambiri tinazolowera bedi lokwera, lounjika dothi ngati mzere, chifukwa ndi limene tinaphunzira kusukulu ndi limene timaona pazithunzi. Limenelo ndi la dzinja, ntchito yake ndi kuthawitsa mizu ku madzi odikha. M'chilimwe limatayitsa madzi: ukathira amatsetserekera m'mbali, ndipo mphepo imaliumitsa pamwamba ndi m'nthiti momwe. Bedi la miyezi ino likhale lolowa pansi, ngati beseni, masentimita 10 kapena 15 kutsika kuchokera pamene mukuponda, ndi kakhoma ka dothi kuzungulira. Pansi pake pasalazike bwinobwino. Thirani keni imodzi muone kumene madzi akuthamangira. Akakhamukira kungodya imodzi, konzaninso musanadzale. M'lifupi musapyole mita imodzi, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondamo phazi. Dothi lopondedwa, makamaka katondo, limauma ngati njerwa ndipo madzi amangoyenda pamwamba.

Kenako kuphimbira. Udzu wouma, makoko a mtedza, masamba a nthochi, mapesi oduladula, chilichonse chimene chingabise dothi kuti dzuwa lisalione. Ikani dzanja pansi pa udzu masana a Okutobala, kenako muliike padothi lapambalambanda pafupi pomwepo, simudzafunanso wina wokuuzani. Amene amakana kuphimbira amati kumaitana chiswe, ndipo sanama, chiswe chimabweradi. Koma ndaona kuti chikapeza zouma zokwanira chimatanganidwa nazo, ndipo mbewu imene chimakonda kugwetsa ndi yofooka kale ndi ludzu. Chofunika n'kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti udzu usaligunde, ndi kuonjezera wina ukamatha. Vuto lenileni ndi kupeza udzuwo, poti pofika Ogasiti tchire lambiri lapsa kale, anyamata osaka mbewa atayatsa. Wochenjera amamweta mu Meyi ndi Juni n'kuunjika padenga la khola.

Pothirira, kuthira kwambiri kamodzi kumaposa kuwaza pang'onopang'ono kangapo. Madzi ongonyowetsa pamwamba amaphunzitsa mizu kukhala pamwamba pomwepo, pamene pamatentha kwambiri. Pisani chala mpaka chithere: ngati kunsonga kuli chinyezi, bedi likhoza kudikira. Nthawi yabwino ndi m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Ine masamba ndimathirira madzulo, tomato m'mawa ndiponso pansi patsinde, chifukwa masamba a tomato akagona onyowa amaitana chiwawu.

Madzi amene agwira kale ntchito m'nyumba ndi chuma chimene timataya pabwalo tsiku lililonse. Otsukira mpunga, masamba ndi mbatata, kapena otsukuluzira mbale komaliza, apite kubedi mosakayika. A kubafa ndi ochapira ali ndi sopo, ndipo sopo wa ufa ali ndi mchere umene ukachuluka umalimbitsa dothi. Amenewo alondolereni ku nthochi, papaya kapena mtengo wa chamwamba kudzera m'kangalande, asakhudze masamba oti mudye. Ochapira matewera ndi othira mankhwala oyeretsera zovala asayandikire dimba n'komwe. Tisaiwale msanga kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chitsime chosaya chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi, monga zilili m'makomboni ambiri, madzi ake amaoneka oyera koma sangathiridwe pa letesi kapena tomato wodya wosaphika. Alangizi a zaumoyo amati pakati pa chitsime ndi chimbudzi pakhale mamita 30, ndipo mapuloti athu ambiri sakwana n'komwe mamita amenewo.

Tsopano za chonde. Chaka china mnzanga woweta nkhuku za mazira anandipatsa matumba awiri a zitosi, zongokokola m'khola m'mawa womwewo. Ndinasangalala, ndinathira mowolowa manja, n'kuwokera repu madzulo ake. Patapita masiku atatu mbande zonse zinali zitapsa m'mphepete mwa masamba ngati wina wadutsitsapo muuni, bedi likununkha mpweya wolasa m'mphuno. Agogo ena a ku Ntcheu amene tinkayandikana nawo anasuzumira pampanda, n'kugwedeza mutu.

"Mwananga, mwaphika ndiwo zisanakule. Zitosi zaziwisi ndi moto."

"Nanga ndichite bwanji, agogo?"

"Zulani. Thirani madzi masiku angapo, musiye dothi lipume. Zotsalazo unjikani apo ndi zinyalala, muziiwale kaye."

Chimene chimachitika n'chakuti zitosi zankhuku zili ndi nayitirojeni wambiri amene amatuluka msanga ngati mpweya wa amoniya, pamodzi ndi mchere umene umakoka madzi m'mizu yanthete. Zikaola miyezi iwiri kapena itatu zitasakanizidwa ndi zouma, ukali uja umatha, chakudya chimatsala. Ndowe za ng'ombe ndi zitosi za mbuzi n'zofatsirapo, komabe zikhale zakale, zofumbutuka m'manja, zosanunkha. Za kalulu zokha ndi zimene ndimathira osadikira nthawi yaitali.

Manyowa oolerana amachita zinthu ziwiri, ndipo m'chilimwe chachiwiricho n'chimene chimaposa: amadyetsa mbewu, komanso amagwira madzi ngati thonje. Dothi lamchenga la kunyanja limataya madzi pansi nthawi yomweyo, makande amang'ambika ming'alu yolowa dzanja, koma onse awiri manyowa amawaweta. Ndowa imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse ya bedi, zosakanizidwa ndi dothi lapamwamba, si zochuluka. Alangizi amaphunzitsa njira zingapo zopangira kompositi. Ya chimato mumasanjika zouma, zaziwisi ndi ndowe mosinthanasinthana, mukuwaza madzi, kenako mulu wonse n'kuumata ndi dothi kusiya kabowo pamwamba. Kumatako kumasunga chinyezi, chinthu chofunika kwambiri nyengo ino pamene mulu wapoyera umangouma osaola. Ya changu mumatembenuza pafupipafupi kuti ipse msanga. Kuti mudziwe ngati mulu ukugwira ntchito, zikani ndodo pakati, muizule pakapita kanthawi: ikatuluka yofunda ndi yonyowa, zili bwino, yozizira ndi youma, thirani madzi.

Manyowa a Mbeya atchuka zaka zino, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza n'kukhala loyang'ana patali. Amasakaniza ndowe kapena zitosi zouma zopera, madeya, phulusa, feteleza wa kusitolo pang'ono ndi madzi, n'kutsekera m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati masiku 21. Miyeso imasiyana malinga ndi amene anakuphunzitsani. Ndi njira yotambasulira feteleza wochepa kuti afike patali, ndipo padimba laling'ono thumba limodzi limakutengerani nyengo yonse. Koma asalowe m'malo mwa manyowa ambiri aja, poti kadzanja kamodzi paphando sikangasunge madzi. Ndipo phulusa lokha musalikonde mopitirira. Lili ndi potashi, limachepetsa asidi m'dothi, koma mukamakhuthula la m'mbaula tsiku ndi tsiku pabedi limodzi, dothi limafika poti mbewu zimachita chikasu chakudya chili pomwepo.

Nanga tidzale chiyani? Apa ndi pamene timalakwitsa chifukwa cha ulemu umene timapereka kwa mbewu za m'mapaketi. Kabichi, repu, chayinizi, mpiru, karoti ndi anyezi ndi mbewu zokonda kuzizira. Nyengo yawo yeniyeni inali kuyambira Epulo kufika Julayi. Ku Dedza, ku Tsangano, ku Bembeke, ku Mzuzu ndi m'mapiri a Zomba akhoza kupitiriza nazo, ndi chifukwa chake msika wa Lizulu susowa kabichi. Koma ku Salima, ku Mangochi, ku Balaka, ngakhale mu Lilongwe momwe, wofesa kabichi kumapeto kwa Ogasiti adzakhala akukulunga mutu mu Novembala, pa nthawi imene mbozi zake zachuluka ndipo dzuwa lafika pachimake. Mpiru ukamva kutentha ndi ludzu umathamangira kuchita maluwa, masamba n'kuchepa n'kuwawa. Anyezi wofesa pano amachedwa, mvula imamupeza asanakhwime, n'kuolera m'nthaka. Repu ndi chayinizi mukhoza kufesa komaliza mu Ogasiti kuti mudye mu Seputembala ndi kuchiyambi kwa Okutobala, makamaka ngati bedi limalandira mthunzi masana.

Mbewu zimene zimasangalala ndi miyezi imeneyi ndi zomwe timazitcha zakumudzi, zina timazizula ngati udzu. Bonongwe ndiye mfumu yake. Kapangidwe kake mkati n'kofanana ndi ka chimanga ndi mapira, kotha kugwiritsa ntchito dzuwa lamphamvu mosawononga madzi ambiri, choncho kutentha kumene kukufooketsa repu iye kumamukulitsa. Njere zake n'zazing'ono zedi. Sakanizani ndi mchenga wouma kuti zisaunjikane, mufese m'timizere tosaya. Pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kupatulira, zopatulazo ndi ndiwo kale. Otsalawo muzibudula nsonga, amaphukira m'mbali kwa milungu yambiri. Luni naye sachedwa, denje ndi therere lobala zimafuna kufunda kuti zimere n'komwe, chitambe chimapirira ludzu kuposa nyemba ndipo mizu yake imasiya chonde, kholowa amayala pansi n'kudziphimbira yekha. Nkhwani wothirira wa mu Okutobala, pamene anthu atopa ndi mfutso ndipo wa kumunda sanamere, amagulidwa musanafike naye pamsika. Pazakudya, masamba amenewa sachepera kabichi. Pa ayironi ndi vitamini A bonongwe ndi luni amamusiya kutali. Chimene chimawononga ndi kuphika kwathu, soda wambiri ndi kuwiritsa mpaka mtundu kusintha.

Za kholowa ndionjezepo. Kabedi kamodzi ka mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, kosungidwa ndi madzi otsukira mbale chilimwe chonse, kamakupatsani ndiwo lero, ndipo mvula ikagwa muli ndi mbewu yanuyanu pamene anzanu akuyendayenda kupempha zingwe za mbatata.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Banja silingadye mapesi 200 a repu okhwimira pamodzi. Kamzere kamodzi masabata awiri aliwonse n'kokwanira, ndipo bedi lina likamatha lina likuyamba.

M'mera mpoyamba, ndipo nazale ya m'chilimwe imafuna maso. Dothi likhale losalala, losefa ndi manja, timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, mbewu zosakwiririka kwambiri. Phimbani ndi udzu wopepuka, thirirani pamwamba pa udzuwo kuti madzi asafukule njere. Kuyambira tsiku lachinayi muzisuzumira m'mawa uliwonse, ndipo zikangotumphuka chotsani udzu muukweze pakathandala kofika m'bondo. Mukachedwa masiku awiri okha mbande zimatalika ngati ulusi, zoyera, zosachiritsika. Madzi akachuluka pamthunzi wothithikana zimaola patsinde n'kugwa zokha. Repu ndi chayinizi zimawokeredwa pakatha masabata atatu kapena anayi, tomato pafupifupi anayi. Sabata yomaliza chepetsani mthunzi ndi madzi kuti zizolowere mavuto, apo ayi tsiku loyamba kubedi lidzakhala lomaliza. Wokerani madzulo, ndi dothi lake kumizu, n'kuzika katsamba ka mango kapena kanthambi kumbali yolowera dzuwa kwa masiku atatu.

Tomato ndiye amakopa aliyense, ndiyenso amaliza anthu ambiri. Mitundu ngati Tengeru 97 ndi Tanya, imene inatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, inafala kuno chifukwa zipatso zake n'zolimba, zimapirira ulendo wa pa lole. Wowokera mu Ogasiti amakolola mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanabweretse chiwawu, ndipo nthawi imeneyi ndi yabwino. Koma masana kukamapyola madigiri 32 masiku otsatizana, maluwa ambiri amayoyoka osabereka, ndiye m'madera otentha wochedwa kuwokera amangoweta masamba. Kuthirira modumphadumpha nako kuli ndi chizindikiro chake: chipatso chimada kumatako n'kuuma ngati chikopa. Ambiri amathamangira kugula mankhwala, chonsecho si matenda. Ndi kusowa kwa kashiamu, mchere umene chipatso chimafuna pokula. Kashiamuyo amayenda ndi madzi kuchokera m'dothi, ndipo madzi akamadukiza safika kunsonga ya chipatso. Mankhwala ake ndi keni yokhulupirika ndi kuphimbira.

Adani ake enieni m'chilimwe ndi awiri. Woyamba ndi kangaude wofiira, tizilombo tochepa ngati fumbi tokhala kunsi kwa tsamba, tokonda kouma ndi kotentha. Tsamba limayamba timadontho toyera, kenako limachita dzimbiri, pomaliza ukonde wopyapyala umakuta nsonga. Wachiwiri ndi Tuta absoluta, kagulugufe kochokera ku South America kamene kanafika ku Spain mu 2006 n'kufalikira mu Africa muno m'zaka khumi zotsatira. Mbozi yake imalowa mkati mwa tsamba, pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi, n'kumadya mobisala. Mukayang'anitsa tsamba padzuwa mumaiona ili m'kanjira koyera. Pokhala mkatimo, mankhwala ongogwera pamwamba saipeza, ndipo yazolowera mankhwala ambiri. Ena akaona zimenezi amaonjeza muyeso wa mankhwala ophera tizilombo a cypermethrin, osadziwa kuti akupha tizilombo todya kangaude uja, iye n'kuchulukirachulukira. Padimba la mapesi 15 kapena 20, zala zimaposa sipuleya: m'mawa uliwonse thothola masamba ogwidwa, finya mbozi, kwirira kapena tentha, osataya pamulu wa kompositi. Chotsaninso mphukira za m'khwapa ndi masamba okhudza pansi, tsinde mulimangirire kumtengo kuti mphepo izidutsa.

Tomato akafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa, dulani tsinde pafupi ndi pansi muliviike m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Mukaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika kuchokera podulapo, ndi matenda a bakiteriya okhala m'dothi, ndipo alibe mankhwala. Zulani, ndipo pamalopo pasabwerenso tomato, tsabola, mabiringanya, mbatatesi kapena fodya kwa zaka zingapo, poti onsewa ndi a banja limodzi. Mizu ikakhala ndi timafundo totupa, ndi minyongolotsi yosaoneka ndi maso, ndipo nayo imafuna kasinthasintha yemweyo. Wosuta fodya asambe m'manja asanagwire tomato. Pali matenda a masamba amene amayenda pa zala.

Pa nsabwe za m'masamba, zimene zimakuta repu ndi mpiru kukangofunda, mankhwala a m'tchire amathandiza ngati mwayamba msanga. Masamba a ombwe, a deliya kapena a nimu, osinja, oviika usiku wonse, osefa pansalu, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti amatirire, muwaze madzulo kunsi kwa masamba poti dzuwa limawapha mphamvu. Kukhala a m'tchire sikutanthauza kuti ndi ofatsa: ombwe ndi yemwe uja ankaphera nsomba m'madziwe, ndiye asayandikire mtsinje kapena damu la nsomba, ndipo masamba owazidwa adikire masiku angapo n'kutsukidwa bwino. Za mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro ogulitsidwa pamphasa mumsika, ine sindigula. Sudziwa dzina lake, sudziwa muyeso, sudziwa masiku oyenera kudikira usanathyole, ndipo odya ndiwozo ndi ana ako omwe.

Pakhomo pamene pali dimba pamafunika chiweto, chifukwa ndicho chimasandutsa zotsalira kukhala manyowa. Koma miyezi yomwe ino ndi ya chitopa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula kugwa matendawa amasesa midzi, nkhuku zikuodzera, mapiko ali pansi, zina khosi litapotoka, khola la nkhuku 20 n'kutsala ziwiri m'sabata imodzi. Ndi kachilombo ka vayirasi, choncho makapisozi, tsabola ndi aloe vera zimene timazimwetsa sizichiza. Chimene chimagwira ntchito ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, wodontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, miyezi inayi iliyonse. Amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, komabe asakhale padzuwa. Mulandiritse nkhuku zili bwino, matenda asanamveke kwa aneba. Ndipo nkhuku yotchipa modabwitsa pamsika mu Seputembala, kapena yamphatso yochokera kumudzi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Nkhuku yomweyo ndi mdani wa nazale. Thadzi limodzi ndi anapiye ake limafukula ntchito ya mwezi wathunthu pa mphindi khumi, ndipo kumudzi mbuzi zimakhala zitatayiriridwa chikololereni. Mpanda umangidwe mbewu isanafesedwe, wa mapesi, bango, nsungwi kapena udzu, wothithikana pansi chifukwa anapiye amalowa pamene pangalowe chibakera. Mpanda umatchinganso mphepo youma, imene imamwa madzi pafupifupi ngati dzuwa. M'tauni, pamene malo ndi ochepa ndipo aneba sachedwa kudandaula, akalulu amaposa nkhuku: salira, amadya zopalira ndi masamba okalamba a m'dimba, amabereka pakangotha mwezi umodzi, ndipo khola lawo likakhala lokwera, zitosi mumangowola pansi. Lingokhala pamthunzi, poti kalulu amafa ndi kutentha msanga kuposa ndi njala.

Wokhala nyumba ya lendi, amene alandilodi ake safuna kuona khasu pabwalo, akhoza kudzala m'matumba a feteleza kapena a simenti otsukidwa, m'mabeseni obooka ndi m'zigubu zodula. Dothi ndi manyowa theka ndi theka, mabowo pansi. Thumba limauma msanga kuposa nthaka, ndiye liikeni pamene limaona dzuwa la m'mawa lokha. Ubwino wake, tsiku losamuka dimba limakwera nawo lole.

Kenako tsiku lina chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala kumwamba kumada, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza paliponse. Chizimalupsa chimanamiza. Chimanyowetsa pamwamba pokha, ndipo pambuyo pake pakhoza kudutsa masabata awiri kapena atatu a dzuwa loopsa kuposa lija. Pisani chala m'bedi m'mawa mwake muone pamene madzi afika, keni musaipachike. Komabe imeneyo ndi belu. Walira mvula walira matope: mabedi olowa pansi amene akupulumutsani miyezi itatu adzasanduka zithaphwi mvula yeniyeni ikayamba, mizu n'kuola m'masiku awiri. Bedi lililonse limene latha ntchito likwezeni tsopano, dothi la m'njira mulikokere pamwamba, njirazo zisanduke ngalande zotulutsa madzi kutali ndi maziko a nyumba. Amene akadali ndi mbewu, gumulani kakhoma kumunsi kuti madzi apeze potulukira. Tomato wotsala thyolani akangoyamba kuyezuka akapsere m'nyumba. Siyani mapesi awiri kapena atatu a bonongwe, luni ndi therere, amene anakula bwino kuposa anzawo, akhwimitse njere. Muziumitse pamthunzi, muzisunge m'botolo louma lotseka ndi phulusa pang'ono, n'kulemba dzina ndi chaka papepala. Pamene panali tomato padzalidwe chitambe kapena nyemba. Ndipo zinyalala zonse za m'dimba zopanda matenda, pamodzi ndi za m'khola, ziunjikidwe pakona mvula izinyowetse yokha, poti mulu umenewo ndi umene mudzafukule mu Epulo pofesa kabichi ndi anyezi pa nthawi yake.